Mfuti ya mkuwa ya ku China imene inabwera ndi chaka chabodza: lipoti la zimene ndinapeza

Ntchito yanga ndi yosamalira ndi kukonza zinthu zakale zamkuwa ndi zachitsulo, ndimagwira mu labu yaing'ono kuno ku Britain, ndipo zambiri zimene zimafika pa tebulo langa ndi ndalama zakale, mabelu, malupanga, zoikapo makandulo ndi zina zotero. Mfuti zakale za ku China sizibwerabwera. Iyi ndaganiza zoilemba yonse mwatsatanetsatane chifukwa nkhani yake inandikhudza, mfutiyo payokha ndi yakale zenizeni, koma pali munthu amene anaisemera bodza kuti aidulitse, nde posema bodzalo anafafaniza umboni umene sitidzaupezanso. Dzina la mwini wake sinditchula, olo la okushoni kumene anaigula.

Chimene chinabwera

Anabwera nayo ndi bambo ena achikulire amene amatolera zida zakale, ataikulunga mu thaulo. Pempho lawo linali pawiri, kuti ndione ufa wobiriwira umene unayamba kutuluka pa mchira wa mfutiyo nkumagwera pa shelefu, komanso kuti ndiwalembere kalata yotsimikiza kuti ndi ya nthawi ya ufumu wa Yuan, pamene a Mongol ankalamulira China, monga mmene pepala la okushoni linkanenera, poti a inshuwalansi amafuna kalata yotero.

Kwa amene simunaonepo mfuti yotere, musaganize za mfuti yokhala ndi thiriga ndi chogwirira chapaphewa ayi. Ndi mpope wa mkuwa basi, wa zigawo zitatu. Kutsogolo kuli mpope weniweniwo modutsa chipolopolo, pakati pali mimba yotupa momwe mumakhala wonga, pamwamba pa mimbayo pali kabowo koyatsira, ndiye kumbuyo kuli mchira wa mphako momwe ankalowetsamo mpini wa mtengo kuti msilikali agwirire patali. Wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa nkutsinderedwa ndi ndodo, chimodzimodzi gogodera amene alenje akwathu ankagwiritsa ntchito, kungoti iyi ilibe chilichonse choyatsira chokha, munthu amachita kubweretsa moto ndi dzanja, kaya khala kaya chingwe chonyeka, nkugunditsa pa kabowo kaja.

Ya bambowa inali yotalika pafupifupi masentimita 36, yolemera makilo awiri ndi kanthu, bowo lakukamwa laling'ono, pafupifupi masentimita 1.5. Mpope wake ndi wonenepa kufupi ndi mimba nkumaonda pang'onopang'ono kupita kukamwa. Pa kabowo koyatsira pali kambale kakang'ono ka makona anayi kotuluka pamwamba, ndipo pambali pake pali timakutu tiwiri tothyoka pomwe panali kachivindikiro kotseka ndi kutsegula. Thupi lonse linali lobiriwira mofanana, kubiriwira kokongola kosalala, ndipo pa mchira panali mzere wa zilembo za Chitchaina wonena kuti inapangidwa chaka cha 24 cha Zhiyuan.

Chaka chimenecho nchimene chinandiimitsa mutu ndisanagwire nkomwe chida chilichonse. Zhiyuan ndi dzina la nyengo ya ulamuliro wa Kublai Khan, mfumu ya chi Mongol imene inakhazikitsa ufumu wa Yuan, nyengoyo inayamba mu 1264, nde chaka cha 24 ndi 1287. Kunabweranso Zhiyuan ina pambuyo pake, kuyambira 1335 mpaka 1340, koma imeneyo sinafike nkomwe zaka 24, choncho wolembayo ankanena za Kublai basi. Tsono mfuti yakale kwambiri pa dziko lonse imene ili ndi chaka cholembedwa pathupi pake ndipo akatswiri ambiri amaivomereza ndi ya ku Xanadu, ku Inner Mongolia, ya chaka cha 1298, yolembedwa mu zilembo za Phags-pa zimene boma la Yuan linkagwiritsa ntchito, kutalika masentimita 34.7, kulemera makilo 6.21. Ndiye kuti bambowa akanakhala kuti akusunga pa shelefu ya pabalaza mfuti yoposa imeneyo ndi zaka 11, yogula pa okushoni wamba popanda myuziyamu iliyonse kuilimbirana. Zotheka, koma zovuta kukhulupirira.

Komanso 1287 si chaka chongotola. Ndi chaka chimene kalonga wa chi Mongol dzina lake Nayan anaukira Kublai cha ku Manchuria, ndipo mbiri ya ufumu wa Yuan imanena kuti mkulu wa asilikali a Kublai dzina lake Li Ting anatenga kagulu ka asilikali onyamula zida za wonga nkukasokoneza msasa wa adaniwo usiku. Nkhani imeneyi ndi imene akatswiri anagwiritsa ntchito poika chaka pa mfuti yotchuka ya ku Heilongjiang, imene inafukulidwa mu 1970 pa mudzi wa Banlachengzi ku Acheng. Mfuti imeneyo ilibe cholembedwa chilichonse, ndi ya masentimita 34, makilo 3.55, bowo masentimita 2.6, ndipo amati siingapitirire 1288 chifukwa cha malo amene inapezeka, zinthu zina zamkuwa zimene zinali nayo limodzi, ndi nkhondo zija za 1287 ndi 1288 zimene zinamenyedwera dera lomwelo. Munthu amene anazokota 1287 pa mfuti ya bambowa anawerenga ndithu, amadziwa chaka chimene chingasangalatse ogula.

Choyamba ndi kudziwa ngati muli wonga

Lamulo langa pa mfuti iliyonse yolowetsera kukamwa ndi limodzi, ndimaitenga ngati yodzaza mpaka nditatsimikiza kuti mulibe kanthu. Wonga wakuda suola ngati chakudya, ukakhala pouma utha kuyaka patapita zaka mazana, ndipo mfuti zambiri zakale zinatayika zili zodzaza chifukwa zinatayika pa nkhondo. Mzinga wa ku Wuwei ku Gansu, umene unapezeka mu 1980 ndipo amati ndi wa ufumu wa Western Xia, unapezeka muli mpira wachitsulo komanso wonga mkati. Nde ndinatenga kandodo ka mtengo, osati kachitsulo, nkulowetsa pang'onopang'ono, kanaima kasanafike pa mimba. Kuyeza kunja ndi mkati kunasonyeza kuti pali chinthu chatsekereza. Bambowa anandiuza kuti iwo anayeserapo kutokosa ndi waya kunyumba, ndinawapempha mwaulemu kuti asadzachitenso, olo pa mfuti ina iliyonse.

Ndisanaitumize ku X-ray ndinachita kaye chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Mkati mwenimweni mwa mchira munatsalira kadothi kolimba ka chikombole chimene anaumbira mfutiyo. Dothi limenelo litha kuyezedwa ndi njira ya thermoluminescence kuti tidziwe linapsa liti komaliza, koma mukayamba mwaiwalitsa X-ray zotsatira zake zimasokonekera, nde ndinapala kaye kadothiko ndi dzanja, mu chipinda cha kuwala kochepa, nkukatsekera mu kabotolo kakuda. Kukamwa kwa mfutiyo nthawi yonseyi kunali kutaloza ku thumba la mchenga.

X-ray inaonetsa kuti mulibe mpira wachitsulo kapena wa mtovu, munali zinthu zofewerapo zotsinderana. Zochotsazo sindinachite ndekha, tinaitana munthu amene ali ndi chilolezo chogwira zophulika, ananyowetsa kaye mkati monse, ndiye tinatulutsa pang'onopang'ono. Munatuluka mchenga wosalala wa mumtsinje, matope olimba, kenako tizidutswa ta mtengo wofumbwa tozungulira mofanana ndi bowo, ndipo kuseri kwake zakuda zonga mwaye. Zakudazo zinali zitafa kale, saltpeter, mchere umene umasakanizidwa ndi makala ndi sulufule popanga wonga, imasungunuka m'madzi nde inatsukika yonse, kunatsala makala ndi fungo lochepa la sulufule. Koma tizidutswa ta mtengo tija tinandisangalatsa kwambiri, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Zonse ndinasunga mu timabotolo tolembedwa bwinobwino, palibe chimene chinatayidwa.

Maonekedwe ake sakugwirizana ndi chaka chake

Kuti mumvetse chifukwa chimene kambale ndi kachivindikiro kaja zili nkhani, pakufunika kuona mmene zida zimenezi zinayendera. Wonga unayamba ku China, ndipo malangizo akale kwambiri olembedwa a kasakanizidwe kake ali mu buku la zankhondo la Wujing Zongyao la 1044, nthawi ya ufumu wa Song. Wonga wa nthawi imeneyo unali ndi saltpeter yochepa, nde unkangoyaka mwaukali ndi kufuka utsi, unali wa mivi ya moto ndi mabomba otentha zinthu. Mu 1132 pa mzinda wa De'an, Chen Gui anagwiritsa ntchito mikondo ya moto, nsungwi zodzaza wonga zolavula malawi, poteteza mzindawo. Mu 1259 ku Shouchun kunalembedwa za mpope wa nsungwi umene unkatulutsa tinthu tolimba pamodzi ndi motowo. Wonga utayamba kukhala wamphamvu nsungwi ndi mapepala sizikanapirira, mpope unasanduka wa mkuwa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 mfuti yeniyeni inali itabadwa. Ku Ulaya chithunzi choyamba cha mfuti chimapezeka cha m'ma 1326.

Mfuti za Yuan zimene tikuzidziwa ndi zojintcha, zabowo lalikulu, ndipo kabowo koyatsira ndi kabowo chabe, kopanda chotchinga. Ya 1332 imene ili ku National Museum of China ku Beijing ndi ya masentimita 35.3 koma ikulemera makilo 6.94, kukamwa kwake kotambasuka. Ya 1351 ndi ya masentimita 43.5, makilo 4.75, bowo masentimita 3. Ufumu wa Ming utalanda dziko kwa Yuan mu 1368, mfumu Hongwu anachulukitsa mfuti kwambiri, mu 1380 analamula kuti mwa asilikali 100 aliwonse 10 akhale a mfuti, ndipo mu 1388 mkulu wa asilikali a Ming dzina lake Mu Ying anaika asilikali ake a zida za wonga m'mizere itatu yoombera mosinthana polimbana ndi njovu zankhondo za Si Lunfa kumalire a Yunnan. Koma olo mfuti za Hongwu, zambiri ndi zotalika kupitirira masentimita 40, bowo cha m'ma masentimita 2, zokhala ndi mikombero yolimbitsa, kabowo koyatsira kali poyera.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi mfumu Yongle, amene analamulira mpaka 1424. Iyeyu anakhazikitsa gulu la asilikali a mfuti lotchedwa Shenjiying, analigwiritsa ntchito pa nkhondo zake ndi a Mongol kumpoto monga ya 1414, ndipo mfuti za m'manja za nthawi yake zinayamba kupangidwa sayizi imodzi, zazifupi cha m'ma masentimita 35 kapena 36, bowo laling'ono, mpope woonda kutsogolo chifukwa mphamvu ya wonga imakhala yaikulu kumbuyo nde mkuwa wambiri umafunika kumeneko, komanso kachivindikiro pa kabowo koyatsira koteteza wonga ku mvula ndi mphepo. Ankaikanso kachitsekero ka mtengo pakati pa wonga ndi chipolopolo kapena muvi, kuti mpweya wa kuphulikako usathawire m'mbali. Tizidutswa ta mtengo tija tinatuluka pamalo enieni pomwe kachitsekero kotero kamakhala. Nde taonani, kutalika, bowo, kuonda kwa mpope, kambale, kachivindikiro, kachitsekero, zonse zikuloza zaka za m'ma 1400, koma cholembedwa chikuti 1287. Kusiyana kwake ndi zaka zoposa 100.

Apa ndiyenera kusamala pa chinthu chimodzi. Mfuti za maonekedwe amenewa sizinapangidwe ku China kokha. Ming analowa ku Dai Viet, kumpoto kwa Vietnam wa lero, mu 1406 ndi 1407, anagwira Ho Nguyen Trung, mwana wa mfumu ya kumeneko amene ankadziwa za zida, nkupita naye ku China kumene anakagwira ntchito yopanga zida za wonga mpaka kukwera udindo waukulu. A Vietnam atathamangitsa Ming anapitiriza kupanga mfuti zawo zofanana kwambiri ndi za Ming, zokhalanso ndi kachivindikiro, ndipo akatswiri ena amati nzeru zina monga kachitsekero ka mtengo zinachokera ku Dai Viet kupita ku China, osati kuchoka ku China. Nde mfuti yogulitsidwa ndi dzina loti ya ku China itha kukhala yovuulidwa mu mtsinje wa ku Vietnam. Mchenga wa mumtsinje umene unali mkati mwa iyi sunandidabwitse.

Zimene mkuwa weniweniwo unanena

Kenako ndinayamba kuyang'ana khungu lake. Ndinaiunika ndi tochi ya UV mu mdima, mbali zambiri zinangokhala zii monga mmene dzimbiri lenileni la mkuwa limachitira, koma mchira wonse ndi zigamba zina pa mpope zinawala mosiyana. Ndinanyowetsa kathonje mu acetone, mankhwala osungunula penti ndi guluu, nkupukuta pakona pamodzi pa mchira, kathonjeko kanabwera kobiriwira. Dzimbiri lenileni silichoka ndi acetone olo mupukute tsiku lonse. Chimene chinachoka chinali ufa wobiriwira wosakaniza ndi guluu, wopakidwa ndi burashi, ndipo pa maikulosikopu ndinapeza ubweya umodzi wa burashiyo utakanirira momwemo.

Anthu ambiri akafika apa amati basi ndi feki, nkuiponya pambali. Ine ndinapitiriza, chifukwa pansi pa pentiyo, pa mpope ndi pa mimba, panali dzimbiri lenileni la zaka zambiri. Mkuwa ukakhala pansi kapena m'madzi nthawi yaitali umapanga zigawo, pamwamba chobiriwira, pansi pake chofiirira cholimba chotchedwa cuprite, ndipo chofiiriracho chimalowa mkati mwa chitsulocho motsatira timizere ta mkati mwake, sichimangokhala pamwamba. Wopanga zabodza atha kubiriwitsa mkuwa ndi asidi kapena pouika mu dothi la mchere miyezi ingapo, koma chigawo chokhuthala cha cuprite cholowerera mkati chonchi nchovuta kwambiri kuchinamizira. Pa mfuti iyi chinalipo paliponse kupatula pa mchira pomwe pali zolembedwa.

Makina a XRF, amene amauza munthu zitsulo zimene zasakanizidwa popanda kudula chilichonse, anaonetsa mkuwa, tini ndi mtovu, zinki yochepa kwambiri yosati nkuiwerengera. Izi nzofunika chifukwa zabodza zambiri zamakono amazisungunula kuchokera ku brass wa zinyalala, mipope ndi maloko akale, ndipo brass amakhala ndi zinki yambiri. Ku China brass anayamba kufala mochedwa, ndalama za brass zinayamba kuchuluka nthawi ya mfumu Jiajing, kuyambira 1522 kupita mtsogolo. Nde kusowa kwa zinki sikutsimikiza chaka, koma kukanakhala kuti ilimo yambiri nkhani ikanathera pomwepo. X-ray ija inaonetsanso timabowo ta mpweya mkati mwa mkuwa ndi kupendekeka pang'ono kwa bowo, zizindikiro za chinthu choumbidwa mu chikombole cha dothi, osati paipi yobooledwa ndi makina. Zotsatira za kadothi kaja zitabwera zinanena kuti kanapsa zaka mazana angapo zapitazo, njira imeneyi siiloza chaka chenicheni, imapereka mpata waukulu, komanso anthu achinyengo amatha kumata dothi lakale mu chinthu chatsopano, nde payokha sindiidalira, koma apa inagwirizana ndi zina zonse.

Tsono pa mchira. Nditachotsa penti yense ndinaika nyale pambali kuti kuwala kuzidutsa mopendekeka, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaona ndi chakuti mbali imodzi ya mchirawo ndi yophwatalala, pomwe mbali zina zonse ndi zozungulira. Panali mikwingwirima ya tupa yoyenda mbali imodzi, yowala, yopanda cuprite. Zilembo za Zhiyuan zija zinazokotedwa pamwamba pa malo opalidwawo, m'mphepete mwake muli mwakuthwa, ndipo pansi pa mzere uliwonse pali timizere tating'ono tobwerezabwereza timene kamakina kozungulira kamagetsi kamasiya. Mkati mwa zilembozo munalibe dzimbiri lakale olo pang'ono, munali penti yekha.

Chimene chinandipweteka ndinachiona nditakweza mphamvu ya maikulosikopu. Pakati pa zilembo zatsopanozo, apa ndi apo, panali timadontho ndi timizere tatifupi tofiirira, todzaza cuprite, tolowa mkati mwa mkuwa, tondondozana mu mzere wotsika. Amenewo ndi matsinde a zilembo zakale, malo amene wozokota woyambirira anazamitsa kwambiri moti tupa sinafikepo. Ndiye kuti mfuti iyi inali ndi cholembedwa chake chenicheni. Mfuti za Yongle zinkalembedwa pa mchira pomwepo, chilembo chimodzi chosonyeza gulu, nambala ya mfutiyo, chaka ndi mwezi umene inapangidwa, ndipo nambala zimenezi ndi zimene akatswiri amagwiritsa ntchito poyerekeza kuchuluka kwa mfuti zimene Ming ankapanga, poti zina zimafika masauzande makumi angapo. Za ku Dai Viet nazo zina zinali ndi zolembedwa zawo. Cholembedwa chimenecho chikanatiuza dziko, chaka, mwina ndi gulu la asilikali. Munthu wina anakhala pansi ndi tupa nkuchifafaniza chifukwa mfuti ya m'ma 1400 ili ndi mtengo wake koma ya nthawi ya Kublai Khan ili ndi mtengo wina. Ndinayesa kujambula malowo ndi kuwala kochokera mbali zosiyanasiyana nkuphatikiza zithunzizo pa kompyuta, ndinatumizanso kwa mnzanga amene amawerenga Chitchaina chakale, anati akuona kuti panali zilembo koma palibe olo chimodzi chimene angachiwerenge motsimikiza.

Matenda a mkuwa ndi chithandizo

Ufa wobiriwira umene unabweretsa bambowa uja ndi umene timati bronze disease. Mkati mwa dzimbiri mumakhala mchere wa chloride umene unalowa nthawi imene chinthucho chinali pansi. Ukakumana ndi chinyezi ndi mpweya umasanduka ufa wobiriwira motuwa, wofewa, ndipo posanduka pamatuluka asidi amene amadyanso mkuwa wina, nkupanganso mchere womwewo, zimangozungulira choncho mpaka chinthu chibooke. Pa mfuti iyi tupa ija inasenda chigawo chimene chinkatchinga mcherewo, kenako penti ndi guluu zinatsekera chinyezi mkati, nde matendawo anayambira pa mchira pomwepo. Kuonjezera apo bambowa ankaisunga pa shelefu yoyandikana ndi khoma lozizira lolowa chinyezi.

Penti yense ndinamuchotsa ndi acetone ndi thonje, pang'onopang'ono, osakhudza dzimbiri lenileni chifukwa limenelo ndi mbali ya chinthucho, silichotsedwa. Timabowo ta ufa ndinatikolopa ndi kampeni ka opaleshoni ndi singano pansi pa maikulosikopu mpaka kufika polimba. Kenako ndinaiviika mu benzotriazole, 3 peresenti mu ethanol, mankhwala amene amagwirana ndi mkuwa nkupanga kachigawo koteteza. Mankhwala amenewa akuganiziridwa kuti angayambitse khansa, nde magolovesi ndi malo okoka mpweya ndi zosakambirana. Itauma ndinaiika mu bokosi la chinyezi chambiri mwadala kuti ndione ngati ufa ubwerenso, malo awiri pa mchira anaphukanso, amenewo ndinawathira silver oxide, ufa umene umatseka mchere uja, ndipo poyesanso anakhala chete. Pomaliza ndinapaka vanishi woteteza wa Paraloid B-72 wopyapyala, amene amachoka ndi acetone ngati wina mtsogolo atafuna kuunikanso.

Zilembo zabodza zija sindinazifafanize ndipo sindinazitseke. Bambowa poyamba anafuna kuti ndizichotse, anati zikuwachititsa manyazi. Ndinawafotokozera kuti kuzichotsa ndiye kupalanso mkuwa pamalo omwewo, ndipo matsinde a zilembo zenizeni aja angapite nawo limodzi, pomwe mwina mtsogolomu kudzabwera makina otha kuwawerenga. Anamvetsa.

Chigamulo ndi zotsala

Mu lipoti lawo ndinalemba kuti ndi mfuti ya m'manja ya mkuwa wosakaniza ndi tini ndi mtovu, ya zaka za m'ma 1400, ya mtundu wa Ming woyambirira, yopangidwa ku China kapena ku Dai Viet, yokhala nthawi yaitali m'madzi kapena m'matope a mumtsinje, cholembedwa chake choyambirira chinafafanizidwa, cholembedwa cha 1287 ndi chamakono, ndipo penti wobiriwira anali wamakono. Kalata yonena kuti ndi ya Yuan ndinakana kulemba. Bambowa anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati ndiye kuti anagula chinthu chachabe. Ndinawauza kuti ayi bambo, muli ndi mfuti yeniyeni ya zaka pafupifupi 600 imene msilikali anaidzaza koma sanaiombe, chimene mulibe ndi chaka chimene munalipirira.

Nkhani ina imene ndinawauza mosabisa ndi ya kumene inachokera. Pepala la okushoni linangoti yachokera mu zosonkhanitsa zakale za munthu wina, popanda dzina, popanda chaka, popanda lisiti lakale kapena chithunzi. Dziko la China lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale kuyambira 1982, ndipo malamulo a 2007 amaletsa kutulutsa kunja zinthu zakale za chaka cha 1911 chisanafike. Kuno ku Britain nako kuli lamulo la 2003 lolanga munthu wochita malonda ndi chinthu chakale akudziwa kuti chinafukulidwa kapena kuchotsedwa mosaloledwa. Sindikunena kuti bambowa analakwa, anagula poyera mokhulupirira pepala, koma chinthu chimene chili ndi mchenga wa mumtsinje mkati ndipo chilibe mbiri ya eni ake akale chiyenera kufunsidwa mafunso, ndipo ndinawalangiza kuti alembere okushoniyo, atumize lipoti langa, afunse mapepala onse amene ali nawo, komanso asaigulitse kufikira zimenezi zitamveka. Mfuti ya ku Heilongjiang ilibe chilembo olo chimodzi koma timaidziwa chaka chifukwa anthu analemba pomwe inapezeka ndi zimene zinali pambali pake. Iyi olo mtsinje wake sitiudziwa.

Inabwerera kwawo mu bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muli silica gel woyamwa chinyezi ndi kakhadi kosonyeza chinyezicho, ndipo ndinawauza kuti chisapitirire 35 peresenti, asaigwire ndi manja opanda magolovesi chifukwa thukuta lili ndi mchere, asaipake mafuta kapena polishi wa mtundu uliwonse, ndipo akaona ufa olo kadontho aibweretse msanga. Tizidutswa ta mtengo tija tili ndi ine. Tikhoza kuyezedwa ndi radiocarbon, njira yodziwira zaka za mtengo, ndipo ngakhale mtengo utha kukhala wakale kuposa tsiku limene unasemedwa, zotsatira zake zingatithandize kuchepetsa mpata wa zaka, komanso katswiri wa mitengo atha kuona ngati ndi mtengo wa kumpoto kozizira kapena wa kum'mwera kotentha, zimene zingatipatse kuwala pa funso la China kapena Vietnam. Bambowa avomera kulipira zoyeza ziwirizi, zitsanzo ndazikonza kale, zikatuluka ndidzaziwonjezera pa lipotili.